Gif kapena jif: dzina limene linamukanika mwini wake

M'mwezi wa Meyi 2013, mumzinda wa New York, bambo wina wachikulire dzina lake Steve Wilhite anaitanidwa kutsogolo kuti alandire mphoto ya Webby, imene amapatsa anthu ochita zazikulu pa intaneti. Mwambowu uli ndi lamulo lake: wolandira mphoto amaloledwa mawu asanu okha. Ena amathokoza amayi awo, ena amaponya nthabwala. Wilhite mawu ake asanu anawaonetsa pa sikirini yaikulu: "It's pronounced JIF, not GIF." Ankatanthauza kuti dzina la tizithunzi tija timayendayenda tikamatumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook liyenera kutchulidwa ndi j, osati ndi g. Munthu amene anapanga chinthucho anali atalankhula, ndipo mukanaganiza kuti mlandu watha. Unangokula.

Chiyambi chake ndi 1987, ku Columbus m'chigawo cha Ohio, kumene kunali kampani ya CompuServe. Masiku amenewo anthu ankalumikiza makompyuta kudzera pa waya wa telefoni, ndipo chithunzi chimodzi chinkatsika pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, munthu ali tcheru kudikira. Vuto lina linali loti makompyuta a makampani osiyanasiyana sankamvana, chithunzi chopangidwa pa mtundu wina chinkakana kutseguka pa unzake. Wilhite ndi anzake anapanga njira yosungira chithunzi mopanikiza kuti chichepe, chikhale ndi mitundu yosapitirira 256, komanso chitseguke paliponse. Anaitcha Graphics Interchange Format, mwachidule GIF, ndipo inatuluka pa 15 Juni chaka chomwecho. Zoyendayenda zinabwera pambuyo: mtundu wa 1989 unalola kuika nthawi pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ya Netscape Navigator 2.0 ndi imene inachititsa kuti kachithunzi kazibwerezabwereza osaleka.

Ku ofesi ya CompuServe kunalibe mkangano. Onse ankati "jif", ndipo anali ndi chifukwa chawo choseketsa. Ku America kuli chiponde cha m'mabotolo chotchedwa Jif, chimene otsatsa ake ankati amayi odziwa kusankha amasankha Jif. Anyamata a makompyuta aja anangotembenuza mawuwo n'kumati akatswiri odziwa kusankha amasankha GIF. Inali nthabwala ya anthu ogwira ntchito m'chipinda chimodzi, omvana pakamwa.

Koma dzinalo silinayende pakamwa. Linayenda polembedwa, kumapeto kwa dzina la failo, zilembo zitatu pambuyo pa kadontho. Anthu mamiliyoni analiona ndi maso asanamve aliyense akulitchula, ndipo aliyense analiwerenga mmene mutu wake unamuuzira. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa Chingerezi chilibe yankho limodzi pa chilembo cha g chikatsogolera i kapena e. M'mawu monga gift, give, girl ndi get chimamveka ngati g wa mu "galu". M'mawu monga gin, giant ndi giraffe chimamveka ngati j wa mu "jekete". Kawirikawiri mawu a gulu loyamba ndi akale a Chingerezi kapena ochokera ku zilankhulo za kumpoto kwa Ulaya, pamene a gulu lachiwiri ambiri analowa kudzera mu Chifalansa ndi Chilatini. Nanga GIF, mwana wobadwira mu ofesi ku Ohio, ndi wa fuko liti? Alibe malume woti amuimire. Ambiri anangoona kuti mukachotsa t pa gift, chotsala ndi gif, basi.

Ife a Chichewa vutoli tinalithetsa kalekale, mwina osazindikira. Mawu obwereka timawalemba mmene khutu lamvera. N'chifukwa chake tili ndi injini, jenereta ndi Jeremani mbali iyi, geti, giya ndi gitala mbali inayo, ngakhale kuti m'Chingerezi onsewo ali ndi g. Mwana wa sitandade 3 mukamulembera GIF pa bolodi anena "gifi" osaphethira, ndipo mukafuna kuti anene "jifi" muyenera kumulembera j. Wilhite naye, kuti anthu amvetse zimene ankafuna pa sikirini ija, anachita kulemba JIF. Otsutsana naye anaseka n'kumati: mwaona, inunso mwasintha chilembo kuti limveke choncho.

A mbali ya g ali ndi mfundo imene amaikonda kwambiri, yoti g ameneyu akuimira graphics, ndipo palibe amene amati "jraphics". Imamveka yanzeru koma ndi yofooka. Mayina ofupikitsidwa satsatira lamulo limeneli. Mu JPEG, mtundu wina wa zithunzi, p akuimira photographic, mawu oyamba ndi liwu la f, koma simudzamva munthu akuti "jeifegi". A mbali ya j nawo mfundo yawo ndi imodzi yokha, yoti mwini wake ananena. Imeneyinso siikwana, poti kupanga chinthu si kugula malilime a anthu.

Anthu a makompyuta anaphunzirapo kanthu. Kumapeto kwa 1994 kunabuka mkangano wina, wa ndalama, pamene kampani ya Unisys inayamba kufuna malipiro chifukwa njira yopanikizira zithunzi ya LZW, imene GIF imagwiritsa ntchito, inali yolembetsedwa m'dzina lake. Akatswiri okwiya anapanga mtundu watsopano waulere wotchedwa PNG, ndipo m'chikalata chake analembamo poyera kuti lizitchulidwa "ping". Lero ambiri amangotchula zilembo zake chimodzichimodzi, za chikalatacho sazidziwa n'komwe.

Mkangano wa GIF unatentha zedi m'zaka za 2012 mpaka 2014, tizithunziti titabwereranso m'fasho pa masamba a mchezo a Tumblr ndi Twitter. Mu 2012 a mtanthauziramawu wa Oxford ku America anasankha GIF kukhala liwu la chaka, ndipo anavomereza matchulidwe onse awiri. Wilhite sizinamusangalatse. Anauza nyuzipepala ya The New York Times kuti a Oxford akulakwitsa, g wake ndi wofewa, womveka ngati j, nkhani yathera pomwepo. Mu Epulo 2013 a ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, potsegula tsamba lawo la Tumblr, anali atalengeza kale kuti iwo ali mbali ya g wa "galu". Chaka chotsatira Barack Obama, pocheza ndi David Karp amene anayambitsa Tumblr, ananena kuti nayenso ali komweko, ndipo anachita kuseka kuti analiganizira nthawi yaitali. Mu 2017 tsamba la Stack Overflow linafunsa anthu olemba mapulogalamu m'maiko ambiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha g. Awa ndi anthu a ntchito ya Wilhite yemweyo, adzukulu ake tinganene.

Chomupweteka kwambiri mwina chinachokera ku chiponde chija. Mu Febuluwale 2020 eni ake a Jif anagwirizana ndi Giphy, tsamba limene anthu amatengako tizithunziti, n'kutulutsa mabotolo ochepa olembedwa "Gif" pamalo pa "Jif". Uthenga wake unali woti Jif ndi chodzoza pa buledi, GIF ndi kachithunzi, musazisokoneze. Chiponde chimene anyamata a ku CompuServe anabwerekako katchulidwe kawo chinawakana poyera, n'kupanga nazo malonda.

Wilhite anapuma pa ntchito chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 atadwala sitiroko, ndipo nthawi yake yambiri ankaithera pa timasitima tazidole timene ankakonda kumanga kunyumba kwake. Anamwalira pa 14 Malichi 2022 ali ndi zaka 74, atadwala COVID-19. Olemba nkhani za imfa yake sanalephere kukumbutsa owerenga kuti malemuwo ankati "jif". Owerenga nkhani pa wailesi ndi pa kanema ndiwo anaona zakuda tsiku limenelo, chifukwa iwo dzinalo ankayenera kulitchula mokweza.