Chifukwa chimene ophunzira anga amawerengerana zimangirizo ndisanazichonge

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasukulu yoyendera imene ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Mulanje, bambo wina anadandaula kuti m'kope la mwana wake anapezamo ndemanga zolembedwa ndi mwana mnzake, ndipo anafuna kudziwa ngati aphunzitsi tasiya ntchito yathu. Dandaulo lawo ndi lomveka, poti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse, choncho ndiyenera kufotokoza zimene zimachitika m'kalasimo.

Chimangirizo cha mtsutso chimasiyana ndi zimangirizo zina chifukwa cholinga chake ndi kukopa wowerenga kuti agwirizane ndi maganizo a wolemba. Vuto la ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi lakuti amalembera mphunzitsi, munthu amene akumuganizira kuti akudziwa kale zonse, motero amangotchula mfundo osaiteteza. Mnzawo wa pa desiki sadziwa zimene zinali m'mutu mwa wolemba, ndipo pamene mfundo yadumphidwa iye amasokonezeka moona mtima. Kusokonezeka kumeneku ndi kumene ndimakufuna.

Ophunzira akasinthana makope, wowerenga amayamba wawerenga chimangirizo chonse cholembera chili pansi. Akamaliza amalemba chiganizo chimodzi chonena zimene wolembayo akufuna kuti iye akhulupirire. Ngati chiganizocho chikusemphana ndi zimene mwini wake amafuna kunena, ndiye kuti chimangirizocho sichinaime pa mfundo imodzi, ndipo palibe chifukwa chothamangira kukonza galamala m'ndime zimene ziyenera kulembedwanso. Kenako wowerenga amabwerera ku ndime iliyonse, ndipo paliponse pamene wolemba wanena chinthu popanda umboni, amalemba m'mphepete funso lakuti: ukudziwa bwanji?

Tsiku lina ndinapereka mutu wakuti kuotcha makala kuletsedwe kotheratu. Mtsikana wina analemba mwamphamvu, natchula mitengo imene ikutha m'mbali mwa phiri la Mulanje ndi matope amene anakokolola midzi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mnyamata amene anawerenga ntchito yake amachokera m'banja lodalira makala, ndipo anamufunsa kuti mabanja otere adzadya chiyani, ndiponso kuti anthu a m'tauni opanda magetsi odalirika adzaphikira chiyani. Mtsikanayo sanasinthe mbali imene anaima, koma polembanso anawonjezera ndime yovomereza vutolo ndi kuliyankha. Ine ndikanangolemba kuti aganizire mbali inayo, mawu amene ophunzira amawawerenga n'kuwaiwala. Funso la mnzake amene nkhaniyo ikumukhudza pakhomo silinali lotheka kulizemba. Zokambirana zotere ndimalola kuti zichitike m'Chichewa kapena m'Chilomwe ngati Chingerezi chikuwatsekereza, bola zolembazo zikhale m'Chingerezi.

Galamala imabwera pomalizira, ndipo apa ndimaika malire okhwima. Wowerenga amangozunguliza mawu amene akuwakayikira, monga pamene "he" ndi "she" asinthanitsidwa, cholakwika chofala pakati pathu chifukwa mawu athu akuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Saloledwa kufufuta kapena kulembapo yankho lake, chifukwa wophunzira amene Chingerezi chimamuvuta angathe kuwononga chiganizo chimene chinali cholondola. Saperekanso malikisi.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Abwenzi amakonda kuyamikirana zilizonse, ndipo ena amaopa kutsutsa mnzawo wodziwika kuti ndi wanzeru, n'chifukwa chake ndimasankha ndekha oti asinthane makope ndipo ndemanga yakuti "zili bwino" yopanda chifukwa sindiilandira.

Kwa bambo aja ndinafotokozanso za nthawi. Kalasi ya ana 80, chimangirizo chilichonse chikanditengera mphindi 10, imafuna maola oposa 13 kuti ndichonge kamodzi kokha, kotero kuti mwana amadikira nthawi yaitali asanamve chilichonse pa ntchito yake. Akawerengerana, amamva ndemanga tsiku lomwelo, m'phunziro limodzi la mphindi 40, nkhaniyo ikadali m'mutu. Chimene chimafika pa tebulo langa ndi chimangirizo cholembedwa kachiwiri, chophatikizidwa ndi choyamba chija pamodzi ndi ndemanga za mnzake, ndipo zonsezo ndimaziwerenga ndekha ndisanapereke malikisi.