Chifukwa chake sindidumpha tsamba la kutha msinkhu mkalasi mwanga

Teremu yathayi kunabwera bambo wina kusukulu kwathu mmamawa kwambiri, ana asanamalize ndi kusesa komwe, atanyamula kope la mwana wawo wa sitandade 6. Mpando anaukana. Anangotsegula kope lija pomwe mwana anakopera zakusintha kwa thupi nkunena kuti, "Madamu, izi nzotani? Ife tinakutumizirani mwana kuti adziwe Chizungu ndi masamu, inu mwayamba kumuvinira mkalasi?" Sindinawakwiyire ngakhale pang'ono, mwanayo ndi wawo ndipo kholo lomwe limatsegula kope la mwana ndimalilemekeza. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi ola lathunthu, nde zomwe ndinawauza ndi zomwe ndikufuna ndilembe pano, poti funso lawo ndi la makolo ambiri kuno ku Mangochi, kungoti ena amakalankhulira pamjigo kapena kuchigayo osabwera kudzatifunsa eni akefe.

Phunziroli sikuti mphunzitsi amangolota. Lili mu Life Skills, silabasi yake ndi mabuku ake zimakonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo a MANEB amafunsa pamayeso a sitandade 8. Ana ang'onoang'ono timangowaphunzitsa ukhondo, kusamala thupi, kukhala bwino ndi anzawo komanso kuti thupi lawo ndi lawo, munthu asamaligwire mwachisawawa. Akamakwera makalasi ndi pomwe timafika pa kutha msinkhu, HIV ndi Edzi, kukana anzako akamakukakamiza zinthu, nkhanza zochitira ana, ndi kuopsa kotenga mimba uli wamng'ono. Makondomu sitigawa pasukulu, ndipo palibe mphunzitsi amene analoledwa kuuza mwana zakuchipinda. Ngati alipo akuchita zimenezo ameneyo mukamuneneze kwa ahedi lero lomwe, sizamsilabasi.

Bambo aja anati koma mwana wa sitandade 6 ndi wakhanda. Papepala nzoona, akayamba sukulu ali ndi zaka 6 amafika mu 6 ali ndi zaka 11. Koma bwerani mudzaone kalasi langa, muli wazaka 11 wakhala desiki imodzi ndi wazaka 16, wina anayamba mochedwa, wina anabwereza katatu, wina anasowa chaka chathunthu ali kudoko kukoka makoka nkudzabwereranso. Ndipo ngakhale wazaka 11 yemweyo thupi silidikira kalasi. Atsikana ambiri amayamba kusamba pakati pa zaka 10 ndi 15, ena ngakhale ali ndi 9. Tikati tidikire akafike kusekondale, ndi angati amene amafikako? Ambiri sukulu yawo imathera kupulayimale konkuno, nde ngati samva kwa ife akamva kwa wakabaza, kwa mnzake wamkuluko, kapena pafoni ya achimwene awo omwe abwera kumene ku Joni.

Mkalasi mwanga muli kakatoni ka sopo komwe ndinakaboola pamwamba. Aliyense amaponyamo funso osalemba dzina, Lachisanu ndimatsegula ndekha ana ataweruka. Kapepala kena sindidzakaiwala, kanali kong'amba pakona ya kope, kolemba ndi pensulo yosasongola: "Madamu ndikutuluka magazi masiku atatu sindinauze munthu kodi ndifa." Mwana ameneyu ayenera kuti masiku atatu onse amagona ndi mantha a imfa, mwina amaopa amayi ake kuti amumenya poganiza kuti wachita zoipa, mwinanso mkalasi amakhala osadzuka mpaka onse atuluke. Tangoganizani. Chinthu choti mzimayi aliyense anadutsamo, koma panalibe amene anamuuziratu. Lolemba lake ndinatenga atsikana okha pamodzi ndi mayi mmodzi wa mother group, gulu la amayi lothandiza atsikana pasukulu, tinawafotokozera kuti kusamba si matenda, si chilango, kumabwera pafupifupi mwezi uliwonse ndipo kumatenga masiku atatu mpaka 7, kuti poyamba kumatha kudumphadumpha, m'mimba mumatha kupweteka, ndi momwe angachapire ndi kuyanika nsalu padzuwa osati kuibisa yonyowa pansi pa mphasa. Sindinadziwe kuti analemba ndani ndipo sindinafufuze. Ndinangoona nkhope zingapo zikumasuka, osati imodzi yokha.

Anyamata nawonso ali ndi zawo, tisamangoti atsikana atsikana. Amafunsa za mawu akayamba kusintha, za kudzilotera usiku, ena amaganiza kuti alodzedwa. Ena anauzidwa ndi akuluakulu kudoko kuti ukapanda kugona ndi mkazi udwala msana. Bodza lenileni, ndipo ngati palibe wamkulu woti alitsutse mwanayo amalitenga ngati choonadi.

Pali mabodza ena omwe chaka chilichonse amatuluka mkakatonimo ngati kuti ana amapatsirana: ati tsiku loyamba mimba sungatenge, ati ukasamba mnyanja msangamsanga sutenga, ati amene sanayambe kusamba sangatenge. Onsewa ndi abodza. Mimba imatheka ulendo woyamba womwewo, madzi saletsa kanthu, ndipo dzira limatha kukhwima mtsikana asanaone msambo wake woyamba. Zimenezi ndimazinena momveka, chifukwa mwana amene watenga mimba mafupa a mchiuno asanakhwime ndi amene amavutika pobereka, mwana nkukakamira, mapeto ake fisitula, mkodzo kumangotuluka wokha, ena mpaka kukagonekedwa ku Bwaila ku Lilongwe kuti akawasoke. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno, 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Ndipo tonse tikukumbukira 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid, potsegulira madesiki angati a atsikana anali opanda eni ake.

Tsopano ndinene za ife aphunzitsi, chifukwa vuto lina lili ndi ife. Ambiri mutu umenewu timauthawa. Wina amangolemba manotsi pabolodi nkutuluka, wina amati mukawerenge nokha, wina amabisala m'Chizungu. Pajatu makalasi akumtunda timaphunzitsa m'Chizungu, pomwe mwana kunyumba amalankhula Chiyao, pabwalo Chichewa. Nde mphunzitsi alemba menstruation pabolodi, mwana aloweza, mayeso akhoza bwinobwino, koma sakudziwa kuti mawu amenewo akunena zomwe zikumuchitikira iyeyo pansi pa yunifolomu. Ine ndimamvetsa manyazi ake, tinakula tikuuzidwa kuti zimenezi nzolaula, komanso mkalasi momwemo muli mwana wa achemwali ako kapena wa ashehe. Koma ine ndimabwereza m'Chichewa, pena ndimapempha mnzanga wodziwa Chiyao bwino andithandize, ndipo ndimasankha mawu aulemu koma omveka. Ana amaseka mphindi zisanu zoyambirira, ndimawasiya aseke, kenako amakhala chete nkuyamba kumvera.

Nkhani ya mawu imeneyi ndi yomwe ndinakhalitsapo ndi bambo aja, chifukwa kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mwana amene alibe mawu sangathe kunena chomwe chamuchitikira. Amabwera kwa amayi ake nkuti "amalume amandiseweretsa," amayi ali pamoto amangoti pita uko usandisokose, osadziwa kuti mwana wanena chinthu chachikulu. Koma mwana amene anaphunzira kuti malo obisika ndi ati, kuti palibe wololedwa kumugwira kumeneko kaya ndi mbale, kaya mphunzitsi, kaya wakumpingo kapena kumzikiti, kuti munthu wamkulu akakuuza kuti ichi ndi chinsinsi chathu usauze munthu ndiye kuti ukanene msanga, ndipo woyamba akapanda kukumvera ukauze wachiwiri, mwana ameneyu ndi wovuta kumunyenga. Ochitira ana nkhanza nthawi zambiri si alendo, ndi anthu omwe mwana amawadziwa ndi kuwapatsa ulemu, ndipo amadalira ulemu womwewo kuti mwana akhala chete. Timaphunzitsa ana athu kugwada ndi kuvomera akulu, nzabwino, koma tiwaphunzitsenso kuti pali malo pomwe mwana amaloledwa kukana wamkulu mokweza mawu nkuthawa.

Zachinamwali sindilimbana nazo ayi. Ku jando kwa anyamata ndi ku nsondo kwa atsikana ana amaphunzira ulemu, ukhondo, kusalowa kuchipinda kwa makolo, ndipo anakanga, alangizi a kunsondo, ambiri omwe ndimawadziwa ndi amayi osamala. Koma ana akumapita ali aang'ono, ena zaka 8 kapena 9, ndipo pena pake mawu akale aja oti ukatuluka ukasase fumbi akumvekabe ngakhale mafumu ambiri analetsa. Ine mkalasi sinditchula zakundagala komwe amavinira ana, si malo anga. Ndimangonena kuti palibe mwana amene khungu lake limatuwa kapena kudwala chifukwa sanagone ndi munthu, ndipo anyamata ndimawauza kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo chotenga HIV koma suchotseratu, wodulidwa amatenga ndithu, komanso kutuluka ku jando sichilolezo chovutitsa atsikana panjira yakumjigo. Zikanakhala bwino anakanga, mashehe, abusa ndi ife aphunzitsi tikanamakhala pamphasa imodzi holide yaitali isanafike, mwana asamamve zinthu ziwiri zotsutsana kuchokera kwa akulu omwe onse amawakhulupirira.

Kunyanja kuno mayesero ake ndi apafupi. Usipa ukagwa ndalama zimayenda padoko, mtsikana wabwera kusukulu osadya, wina amugulira zigege lero, mawa sopo, mkuja kafoni, tsiku lina adzafuna malipiro. Ena amatomeredwa ndi mwamuna ali ku Joni, makolo alandira kale bulangete ndi foni. Nde mkalasi timayeseza ndithu kukana, wina akhala wonyengerera wina wokana, kuti mawu oti "ayi sindikufuna" azolowere kutuluka pakamwa tsiku lenileni lisanafike. Timawauzanso za lamulo: kuyambira 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo avomere, mwana wosakwana 18 sangakwatiwe. Amene wachembeza kale asataye mtima, ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, ine ndaphunzitsapo otere ndipo amalimbikira kuposa anzawo.

Mantha aakulu a makolo ndi oti mukawauza ndiye ayamba kuyesa. Ndimawamvetsa mantha amenewa, inenso ndine kholo. Koma a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, ataunika kafukufuku wa m'maiko ambiri anapeza kuti maphunziro otere sapangitsa ana kuyamba zogonana msanga, kawirikawiri amawachedwetsa. Ine zomwe ndaona ndi maso zikugwirizana nazo, amene amagwa m'mavuto kwambiri ndi uja samadziwa kanthu, uja amakhulupirira kuti kamodzi kokha sikalakwa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni makolo, ndipo ichi musachiiwale. Mwana akakuuzani kuti wina wamugwiririra, musayambe ndi kumukalipira kapena kuitanitsa bwalo lapabanja kuti wolakwa alipe mbuzi nkhani ithere pomwepo. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuli mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti asatenge HIV, koma amagwira ntchito akayamba kumwa pasanathe maola 72, kutanthauza masiku atatu, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Aliponso oteteza mimba ngati ndi mtsikana wotha msinkhu. Kenako kupolisi, ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 116 ndi yaulere, ngakhale mwana yekha atha kuimba, ine ndinailemba pamwamba pa bolodi ndipo wofufuta bolodi amadziwa kuti pamenepo safufutapo. Ndipo wolakwayo akakhala mphunzitsi mnzathu musatiope, kumusamutsira sukulu ina si chilango, kumeneko kulinso ana a anthu.

Bambo aja sanachoke atagwirizana nane zonse. Anati zakusamba ndi zakukana amva, koma chithunzi cha thupi chomwe chili mkopemo sakufuna azing'ono ake a mwanayo azichiona, ndipo ndinawavomera, tinagwirizana kuti kope la Life Skills lizikhala mchikwama osati pamphasa. Ndinawabwereka buku la ophunzira kuti akaliwerenge okha kunyumba aone ngati muli cholaula. Analibweza patatha sabata kudzera mwa mwana yemweyo, atalikutira bwino ndi pepala la nyuzi, ndipo pamsonkhano wotsatira wa mother group mayi ake a mwanayo anabwera koyamba, atatenga zitenje ziwiri zakale zoti tidule tisokere atsikana mapadi.