2,147,483,647: nambala yokana kugawika

Ndikalemba 2,147,483,647 pabolodi n'kuwauza ana kuti andipezere nambala yoigawa popanda chotsala, amayamba ndi 3, kenako 7, olimba mtima amafika pa 13, belu n'kulira. Ngakhale atachezera usiku wonse sangaipeze. Nambalayi imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo zoterezi m'masamu timazitcha ma prime.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Ndandalikani ma 2 okwana 31, muwachulukitse onse, kenako muchotsepo 1. Ma prime obadwa mwa njira imeneyi amatchedwa a Mersenne, dzina la wansembe wa ku France, Marin Mersenne, amene anamwalira mu 1648. Mzere wake umayamba 3, 7, 31, 127, ndipo yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Koma musati njirayi imabala prime nthawi zonse. Ma 2 akakhala 11 mumapeza 2,047, yooneka ngati yolimba, chonsecho ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Chimene chimandikoma ine ndi 31 ameneyu. Nayenso ndi wa banja lomwelo: ma 2 asanu amapereka 32, kuchotsa 1. Ndiye kuti nambala yathu ndi Mersenne wobadwa kwa Mersenne mnzake, ndipo ma prime otere odziwika mpaka lero alipo anayi okha.

Amene anatsimikiza kuti sigawika ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler, mu 1772, ali ku St Petersburg ku Russia, maso atafooka kwambiri. Sanayese nambala iliyonse ngati ana anga aja. Ankadziwa kuti nambala yoigawa, ikanakhalapo, imodzi sikanaposa 46,340, pakuti 46,341 kuchulukitsa ndi iyo yomwe ikudutsa kale. Anaonanso kuti prime woigawayo ayenera kusiya 1 kapena 63 akagawidwa ndi 248. Zoyesa masauzande zija zinangotsala mazana ochepa, nazimaliza popanda makina.

Masiku ano ndi kamwana. Prime amene Luke Durant wa ku America anapeza mu Okutobala 2024 ali ndi madijiti 41,024,320, pomwe yathuyi ili ndi 10. Komabe ya Euler ndi imene imakukhudzani. Mapulogalamu ambiri a kompyuta amasunga nambala m'timalo 32 totchedwa ma bit, kalikonse kokhala ndi 0 kapena 1. Kamodzi kamasonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, n'kutsala 31, choncho powerenga amathera pa 2,147,483,647 ndendende. Kuti ndi prime kompyuta ilibe nazo ntchito, zinangokumanizana.

Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Masekondiwo adzakwana nambala imeneyi pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno ku Malawi. Sekondi yotsatira, makina amene sanakonzedwe adzayamba kusonyeza Disembala 1901.