Kompyuta Sinayambire ku America Kokha

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kompyuta yoyamba inali ENIAC, imene inaonetsedwa mumzinda wa Philadelphia ku America mu 1946, koma maganizo amenewa amaiwala Konrad Zuse, injiniya wa ku Germany amene anabadwira ku Berlin mu 1910. Zuse anayamba kupanga makina ake oyamba, otchedwa Z1, m'chipinda chochezera cha makolo ake mu 1936, ndipo pofika mu May 1941 anali atamaliza Z3, makina amene ankatsatira malangizo olembedwa pobowola timabowo pa filimu yakale, n'kumawerengera pogwiritsa ntchito manambala awiri okha, 0 ndi 1, monga mmene makompyuta a masiku ano amachitira.

N'zoona kuti ENIAC inali yachangu kwambiri chifukwa inkayendera machubu amagetsi, pamene Z3 inkadalira timaswichi, koma liwiro si limene limasonyeza amene anatsogola. Chimene chinabisa dzina la Zuse ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse: mabomba anawononga Z3 mu 1943, ndipo ntchito yake sinkadziwika kunja kwa dziko lake. Nkhondo itatha anakhazikitsa kampani ya Zuse KG mu 1949, ndipo mu 1950 makina ake a Z4 anayamba kugwira ntchito pa yunivesite ya ETH Zürich ku Switzerland.