Khadi la sikimu sililipira zonse: funsani musanadwale

Ambiri ogwira ntchito m'maofesi a minda ya tiyi, m'mabanki ndi m'mabungwe kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi za sikimu ya zaumoyo (inshuwalansi yolipira kuchipatala), monga ya MASM (Medical Aid Society of Malawi). Chomvetsa chisoni n'chakuti enafe timadzadziwa zomwe khadi limalipira titaima kale pawindo la famase, wodwala ali pabenchi, tikuuzidwa kuti tiwonjezere ndalama zomwe tilibe.

Sikimu iliyonse ili ndi malire a ndalama zomwe ingakulipirireni pachaka, ndipo malirewo amatengera pulani yomwe munalowa. Ongolowa kumene nthawi zambiri amadikira kaye asanayambe kuthandizidwa pa zina, monga uchembere, magalasi a maso kapena matenda omwe anali nawo kale. Palinso chija amati shortfall: chipatala chikatchula mtengo woposa womwe sikimu imavomereza, zotsalazo mumatulutsa m'thumba mwanu. Pemphani pepala la pulani yanu kwa abwana oona za antchito, muliwerenge muli bwinobwino.

Pa mankhwala ndi pomwe anthu amapwetekera kwambiri. Wodwala shuga, BP, mphumu kapena khunyu amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo masikimu ambiri amafuna kuti dokotala alembe fomu yoti munthuyo adziwike kuti ali ndi matenda amgonagona. Fomuyi ikapanda kulembedwa, mankhwala a mwezi ndi mwezi aja angathe kudya ndalama zonse chaka chisanathe. Funsaninso ngati pali mankhwala a generic, omwe ndi mankhwala omwewo koma opangidwa ndi kampani ina. Metformin wa shuga ndi metformin, amlodipine wa BP ndi amlodipine. Mphamvu yake ndi imodzimodzi ngakhale bokosi likhale losiyana, koma mtengo umatsika ndithu.

Ndalama za pakhadi zikatha, chonde musasiye kumwa mankhwala, ndipo musamadumphitse masiku kuti mapilitsi akufikitseni kumapeto kwa mwezi. BP siilankhula. Munthu amadzimva kuti ali bwino kufikira tsiku lomwe wafa ziwalo mbali imodzi. Musathamangirenso mapilitsi oyala padzuwa pamsika. Gulani pa famase yovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA. Koma choyamba tengani buku lanu lakuchipatala mupite ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, komwe chithandizo n'chaulere, ndipo mupite mapilitsi akadalipo a masiku angapo.

Nanga kukayezetsa musanadwale? Apa masikimu amasiyana. Ena amalipira, ena amalipira pokhapokha dokotala atalamula, choncho imbani lamya ku sikimu yanu kaye. Komabe musadikire khadi pa zinthu zomwe boma limapereka kale ulere: sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, akatemera a ana, kuyeza HIV, ma ARV, mankhwala a TB, komanso kuyeza khansa ya khomo la chiberekero. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuuzeni masiku ake.

Zipatala za mishoni, monga Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa, zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo n'zolipira. Zipatala zambiri za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa ulere. Funsani pofikira alendo zomwe zili mu mgwirizanowo, komanso ngati amalandira khadi lanu, musanagonekedwe.

Mwana akabadwa, kamulembetseni ku sikimu msanga, poti salowa yekha. Ndipo ngati sikimuyo ndi ya kuntchito, ntchito ikatha khadi nalonso limaleka kugwira. Amene mukuyandikira kupuma pantchito ndipo mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, pemphani dokotala wanu alembe mayina ndi milingo yake m'buku lakuchipatala, kuti a ku chipatala cha boma akapitirize pomwepo.