Za chaji ya magetsi mu nyenyezi zothinana, mkanganowu ndi wakale

Chiyambireni pa 14 Ogasiti 2019 pomwe makina a LIGO ndi Virgo, omwe amamva mafunde a mphamvu yokoka (gravity) ochokera mlengalenga, anatola chizindikiro chotchedwa GW190814, asayansi sanamvanebe kuti chinthu cholemera ka 2.6 kuposa dzuwa chomwe chizindikirocho chinaonetsa kuti chamezedwa ndi black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) chinali chani. Akati ndi nyenyezi ya ma nyutuloni (chotsalira chothinana kwambiri cha nyenyezi yophulika), chanenepetsa, poti zomwe zinayezedwa bwino ngati PSR J0740+6620 zimathera cha pa kulemera kwa madzuwa awiri pomwepo. Akati ndi black hole, chachepetsanso. Ndiye ena afukula ganizo lakale loti mwina chaji ya magetsi imathandiza nyenyezi kusenza kulemera kwake osafwafwanizika, paja chaji zofanana zimakankhana.

Koma kwa ine nkhaniyi inagamulidwa mu 1924 ndi Svein Rosseland wa ku Norway. Mkuluyu anaona kuti mu nyenyezi yotentha ma elekitironi, omwe ndi opepuka ka 1,836 poyerekeza ndi ma pulotoni, sachedwa kuthawa, ndiye nyenyezi imatsala ndi chaji ya pozitivu pang'ono, chajiyo nkuyamba kukoka ma elekitironi otsalawo mpaka kuthawa kuja kulekeka. Masamu a njira imeneyi amapereka ma coulomb (muyezo wa chaji) pafupifupi 100 basi pa nyenyezi yolemera ngati dzuwa. Chifukwa chake nchoti pakati pa ma pulotoni awiri kukankhana kwa magetsi kumaposa mphamvu yokoka ka 10^36 (1 wotsatana ndi ma ziro 36), ndiye kachaji kakangowonjezekera, nyenyezi imalavula ma pulotoni kapena kukoka ma elekitironi apafupi nkufafaniza zonse.

Zapakatipa tidutsepo msanga, Tolman, Oppenheimer ndi Volkoff analemba masamu a nyenyezi zothinana mu 1939 opanda chaji, Jacob Bekenstein nkuikamo chaji mu 1971.

Pepala lomwe a mbali ya chaji amalitchula kwambiri ndi la 2003 la Ray, Malheiro, Lemos ndi anzawo. Anapezadi kuti nyenyezi ya chaji ingalemere kuposa malire a nthawi zonse ndipo imakula, koma pafunika ma coulomb cha m'ma 10^20. Tangoyerekezani ndi 100 uja! Komanso mphamvu ya magetsi imafika 10^21 volts pa mita, pamene malire a Schwinger ali cha pa 10^18, ndipo kudutsa pamenepo malo opanda kanthu amayamba kubala ma elekitironi ndi ma pozitironi (anzawo a chaji ya pozitivu) omwe amachotsa chajiyo. Tisawanamizire eni pepalalo, iwonso ananena kuti nyenyezi zoterezi sizingakhalitse, zikhoza kugwa nkukhala ma black hole a chaji.

Palibe amene anayezapo chaji ya nyenyezi yothinana mwachindunji, zonsezi ndi za papepala. Pomwe a chaji ali ndi poyima ndi pa nyenyezi za ma quark (tizidutswa topanga ma pulotoni ndi ma nyutuloni), zomwe Alcock, Farhi ndi Olinto mu 1986 anati zingakhale ndi magetsi oopsa pa kakhungu kopyapyala kapamwamba, kungoti nyenyezi zamtunduwo nazonso sizinatsimikizidwe kuti ziliko.