Vitamini E salowa bwino m'thupi popanda mafuta

Funso lomwe odwala amandifunsa kawirikawiri ndi loti, ndikumwa makapisozi a vitamini E m'mawa uliwonse ndi madzi ndisanadye kalikonse, kodi zikugwira? Ndimawayankha kuti zambiri mwina zikungodutsa basi, chifukwa vitamini ameneyu samasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta, chimodzimodzi mavitamini A, D ndi K.

Nde zimayenda chonchi. Mukadya chakudya chokhala ndi mafuta, chikangofika m'matumbo aang'ono ndulu imafinyika n'kuthira madzi ake owawa aja, kapamba nayenso amatulutsa ma enzyme ogaya mafuta. Ndulu imagwira ngati sopo pa mbale yamafuta, imaswa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kwambiri totchedwa ma micelle, ndipo vitamini E amabisala m'kati mwa timadontho timeneti mpaka tikafike pa khoma la matumbo. Popanda ndulu palibe micelle, popanda micelle vitamini uja amangopitirira n'kutuluka ndi chimbudzi. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Akalowa m'maselo a khoma la matumbo amakutidwanso m'timipira tamafuta totchedwa ma chylomicron, ndipo chosangalatsa n'choti sapita m'magazi nthawi yomweyo ayi, amayamba adutsa m'njira za lymph, timitsempha tonyamula timadzi ta m'thupi, kenako n'kukatsanulidwa m'magazi cha pafupi ndi khosi. Akafika ku chiwindi ndi komwe kumachitika kusankha. Vitamini E alipo mitundu 8, koma chiwindi chili ndi puloteni yake, alpha-TTP, yomwe imatola mtundu umodzi wotchedwa alpha-tocopherol n'kumubweza m'magazi kuti akateteze maselo, mitundu inayo yambiri imaphwanyidwa n'kutayidwa.

Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 patsiku, ndipo zakudya zomwe zili ndi vitamini E wambiri monga njere za mpendadzuwa, ma almond, mtedza ndi mafuta ophikira zimabwera kale ndi mafuta ake, nde palibe chovuta. Masamba obiriwira alinso naye koma pang'ono, muziwathira timafuta.

Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi anthu omwe ndulu yawo yatsekeka, kapamba wawonongeka, odwala cystic fibrosis (matenda obadwa nawo owononga mapapo ndi kapamba) kapena Crohn's (matenda otupitsa matumbo), ngakhalenso omwe akumwa mankhwala ochepetsa thupi a orlistat omwe amatchinga mafuta. Awa atha kumadya bwinobwino koma vitamini E osalowa, ndipo vuto limabwera mwakachetechete, patatha zaka, munthu amayamba dzanzi m'mapazi, kudzandira poyenda, minofu kufooka. Ngati chimbudzi chanu n'chotuwa, chamafuta, choyandama komanso chonunkha modabwitsa kwa masabata angapo, chonde pitani kuchipatala akakuyezeni, osangogula makapisozi.

Ndipo ngati mukumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musayambe vitamini E wambiri musanalankhule ndi dokotala wanu, amawonjezera chiopsezo chotaya magazi. Enanu amene dokotala anakulemberani kale, imwani pa nthawi ya chakudya chokhala ndi mafuta, osati m'mimba muli pululu.